Matenda a mu Ubongo Amene Tinawayesa Kachasu

Ana anga, mutu uno ndakhala ndikuuzengereza chipumire ntchito. Za zaka zomwe ndinali wothandizira m'mawodi pa chipatala cha mishoni mwazimva kale kambirimbiri, koma za kumaesiteti ndakhala ndikukuuzani zoseketsa zokha. Mayina ena pano ndawasintha, ndipo mwana wa mayi amene ndimukambe anandilola kuti ndilembe.

1994

Ntchito yanga yoyamba ngati medikolo asisitanti ndinaiyamba m'chaka cha mavoti a zipani zambiri, ndili kale ndi imvi m'mbali mwa makutu, pakuti sukulu imeneyi ndinaipita mochedwa. Ananditumiza ku dispensale ya esiteti ina ya tiyi kufupi ndi boma la Thyolo. Inali nyumba yaing'ono ya malata ofiira, yozunguliridwa ndi tiyi mbali zonse, moti nkhungu ikatsika m'mawa unkangomva mawu a anthu otchola osawaona. Bwana wanga anali a Chikopa, munthu wamfupi, wosuta fodya wopichira yekha, amene kutchalitchi ankapondako pa maliro pokha. Atamva kuti ine Loweruka sindigwira ntchito pokhapokha pagwe ngozi, anandiyang'ana kuyambira kumapazi nati, "Ndinapempha wondithandiza, andipatsa m'busa. Chabwino abusa, Loweruka ndi langa, Lamulungu ndi lanu." Dzina la abusa linandikanirira mpaka pa tsiku londitsanzika, ngakhale sindinadzozedwepo.

Munthu ameneyu anandiphunzitsa zinthu ziwiri zimene kusukulu sanandiuze. Choyamba chinali kuonera odwala pa windo. "Muziwaona akuchokera pa geti," ankatero. "Akafika pa benchi ayamba kale kunama. Wina akunama kuti akudwala kuti apume, wina akunama kuti ali bwino kuti asadulidwe tsiku. Koma miyendo sinama." Chachiwiri ndinachiona ndi maso. Tsiku lina a manijala a m'minda anabwera pa njinga yamoto kudzafunsa za dalaivala wina amene ankaonda. A Chikopa sanaimirire n'komwe. Anati, "Bwana, funso lanu ndi limodzi, agwira ntchito kapena sagwira. Agwira. Zinazo zimafera m'chipinda muno." Njinga itapita anandilozera ndi ndudu yawo: "Mwamva abusa? Tsiku lomwe mudzatulutse mawu a wodwala panja, mawa lake benchi iyi idzakhala yopanda munthu."

Zosowa zinali zambiri. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pa waya ngati masokosi, majakisoni tinkawiritsa pa mbaula, ndipo mwezi ukapendeka m'kabati munkatsala mankhwala a mutu ndi aja ofiirira opaka pa zilonda. Koma chosowa chenicheni chinali china. Anthu anali atayamba kufa ndi matenda amene tinalibe choyezera chake kapena mankhwala ake. Kalipentala wa esiteti, amene ntchito yake inali zitseko ndi mawindo a m'malayini, anasanduka wokhoma mabokosi. Tinkalemba kuti chifuwa, kutsekula m'mimba, malungo, ndipo aliyense ankadziwa, koma palibe ankatchula.

1998 mpaka 2002

A Chikopa atapuma, ine anandisamutsira ku gawo lina la esiteti, njira ya ku Thekerani, kumene ndinali ndekha ndi mzamba mmodzi. Kumeneko ndi komwe ena a inu munakulira. Mpingo wathu wosunga Sabata unali pamwamba pa kaphiri, ndipo posakhalitsa anandisankha kukhala mmodzi wa akulu a mpingo ndi kulowa m'bodi, gulu la anthu owerengeka loweruza nkhani za mpingo.

Mu mpingomo munali Mayi Edina Mulewa, amene tonse tinkawatchula amake Joyce. Anali wotchola tiyi, ndipo akapitawo ankakanganirana kuti akhale m'gulu lawo, chifukwa manja awo ankayenda onse awiri nthawi imodzi, masamba awiri ndi kansonga, osaphonya, kusiya pamwamba pa tiyi pali see ngati tebulo. Analinso mtsogoleri wa amayi a mpingo. Maliro akagwa m'malayini, oyamba kufika anali iwo, atavala yunifolomu yawo yosita ndi makala, ndipo ambiri amene ndinalephera kuwachiza anasambitsidwa ndi manja awo. Ankandiseka kuti, "Abusa, inu ndi ine tili pa ntchito imodzi. Inu mumayamba, ine ndimamaliza." Amuna awo, amene ankasonkha moto ku fakitale, anamwalira m'chaka cha 2000 atatsokomola nthawi yaitali.

Mu 2002, kuyezetsa magazi kutayamba kupezeka, amake Joyce anabwera ku dispensale odwala onse atapita, nakhala pa mpando dengu lili pamiyendo. Anati akufuna kudziwa. Ndinawaperekeza ku chipatala cha mishoni, ndipo magazi anapezeka ndi kachilombo ka Edzi. Pobwerera sanalire. Tinatsika minibasi n'kuyenda pakati pa tiyi, ndipo tili pafupi ndi malayini anaima. "Abusa, izi zikhale za inu, ine ndi Mulungu. Joyce asamve, mpingo usamve. Mwanayu ali pa chibwenzi ndi mwana wa a Makwinja. Mukuwadziwa amayi ake a mnyamatayo. Akangomva kuti m'nyumba mwathu muli zimenezi, ukwati watha." A Makwinja anali mkulu woyamba wa mpingo wathu, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito. Ndinayesa kuwauza amake Joyce kuti katundu wotere sasenza munthu mmodzi, koma anapukusa mutu. "Nthawi ikadzakwana ndidzakuuzani ndekha, ndi pakamwa panga, kuti tsopano nenani. Ndisananene, musanene. Lonjezani." Ndinalonjeza.

2004

Kunali m'dzinja, nthawi imene tiyi amaphuka usiku umodzi ndipo aliyense amatchola mpaka msana kuuma. Ndili pa windo ndinaona kapitawo akubwera ndi mayi amene ankayenda miyendo ili tang'a, akupendekera kumanja. Sindinawazindikire msanga.

"Adokotala, tandionerani mayi awa," anatero kapitawo uja. "Sabata ino mzere wawo ukuoneka ngati wameta mwana. Kumanzere atchola bwinobwino, kumanja asiya osakhudza. Ndikawauza akuti atchola ponse. Masamba ena akungogwera pansi. Akanakhala wina ndikanati anadzera kwa Nasibeko." Nasibeko anali mayi wotcheza kachasu kunja kwa mpanda wa esiteti.

"Iwe Laston, ndinakusambitsa uli khanda," anayankha amake Joyce, "lero ukundinenera za Nasibeko?" Anaseka, koma mawu ankatuluka olemera, lilime likukokeka.

Ndinawayeza. Thupi silinali lotentha, mutu sunkapweteka, khosi linali lofewa. Koma nditayendetsa chala kumanja kwa nkhope yawo sanachione mpaka chitafika pamphuno, ndipo dzanja lamanja silinkatha kugwira changa molimba. Ndinawatengera ku mishoni. Kumeneko kunali dokotala wachitsikana wochokera kumpoto, Dokotala Nyirongo, wolankhula Chichewa chomveka Chitumbuka. Anawatenga madzi a mumsana, napeza ali oyera. Anawapatsa mankhwala a matenda ena a mu ubongo amene amagwira anthu a chitetezo chotsika, koma sanasinthe kanthu. Anawathamangitsira pa mndandanda wa ma ARV, amene anali atangoyamba kufika m'boma lathu. Kenako anandiitanira mu ofesi yawo.

"Bambo Mathewe, makina oonera mu ubongo tilibe, ndiye sindingalumbire," anatero. "Koma ndikuganiza kuti ndi kachilombo kena kakang'ono, kosiyana ndi ka Edzi. Si kachilendo. Ambiri a ife akuluakulu tili nako. Tinakatenga tili ana, ndipo kamagona mu impso moyo wonse osatipweteka."

Ndinafunsa kuti nanga kachoka bwanji mu impso n'kukasankha ubongo, ndipo mu ubongomo bwanji mayiyu akundizindikira, akukumbukira nyimbo zonse, koma dzanja ndi lilime zikukana.

Anakoka chingwe cha nyale ya pa tebulo nachiika pakati pathu. "Kulowa, kamatha kulowa m'maselo a mitundu ingapo. Koma kulowa si kumera. Kachilombo pakokha sikangachite kanthu, kamangonyamula malangizo n'kudikira kuti selo iwawerenge. Kumayambiriro kwa malangizowo kuli kachigawo kogwira ntchito ngati swichi, ndipo swichiyo siyatsidwa ndi chala chilichonse. Zala zoiyatsa ndi timapuloteni tina ta m'selo momwemo. M'maselo ambiri a m'thupi zalazo n'zosakwanira, ndiye kachilomboka kamangokhala chete. Koma mu ubongo muli maselo ena amene ntchito yawo ndi kukuta mitsempha ndi chikutiro choyera, monga pulasitiki uyu wakuta waya. Amenewo ali ndi zala zoyenera. Mmenemo swichi imayaka, kachilombo kamaswana, selo imafa, waya amatsala pamtunda."

"Nanga maselo oganizira aja?"

"Kawirikawiri kamawasiya. N'chifukwa chake mayiyu alimo ndithu m'katimo. Koma uthenga ukachoka kwa iwo kupita ku dzanja, ukutayikira m'njira." Anawonjezanso kuti kachilombo kamene kamapezeka mu ubongo wa odwala otere swichi yake imakhala itasintha, tizidutswa tina titabwerezedwa, tina titachoka, moti imayaka mwamphamvu kuposa ya kamene kagona mu impso. Chitetezo cha m'thupi chikakhala cholimba, sikapeza mpata wochita zonsezi. Mankhwala ake enieni kulibe. Chiyembekezo chinali chakuti ma ARV adzutse chitetezo msanga kuposa mmene kachilomboko kankadyera.

M'minibasi pobwerera ndinakumbukira fanizo la Ambuye la wofesa mbewu. Mbewu ndi imodzi, yagwa ponseponse, koma yamera pokhapo pamene nthaka yailandira. Moyo wanga wonse ndinkalimva fanizoli ngati la uthenga wabwino wokha. Sindinaganizepo kuti choipa nachonso chili ndi nthaka yake, ndi kuti nthakayo ingakhale m'mutu mwa mayi amene wakhala akusambitsa akufa a anthu ena.

Ntchito yotchola inatha. Ndinapempha a manijala kuti awasiye m'nyumba ya esiteti poti Joyce ankagwira ntchito ku nazale, ndipo anavomera. Kuti apeze ya sopo, amake Joyce anayamba kugulitsa madeya, ndipo wogula wamkulu wa madeya kudera lonselo anali Nasibeko. Anthu anawaona akutuluka pa mpanda wake akudzandira.

Kenako linafika Sabata la mgonero. Mwambo wathu mukuudziwa: tisanadye mkate, abambo kwaokha, amayi kwaokha, timasambitsana mapazi. Amake Joyce anagwada kuti asambitse mapazi a mayi Makwinja, apongozi a mwana wawo a m'tsogolo. Dzanja linaphonya, beseni linagubuduka, madzi anathira chitenje cha mayiwo. Poyesa kudzuka anagwera pa benchi, ndipo poyesa kupepesa mawu anatuluka opotoka. Kenako anayamba kuseka, kuseka kosaleka, misozi ikutsika. Ine ndinkadziwa kuti nako kuseka kotero ndi matenda. Amayi aja sankadziwa. Pamene tinkatuluka m'tchalitchi, dzina la Nasibeko linali pakamwa pa aliyense.

Madzulo a tsikulo dzuwa lisanalowe ndinapita kwawo. Ndinawauza kuti bodi ikumana mawa lake ndipo nkhani ndi yawo. Ndinawapempha kuti andimasule.

"Ayi abusa." Ankalankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse ngati akulikoka m'chitsime. "Mowa munthu amalapa, anthu amaiwala. Izi saiwala. Ukwati uli pafupi. Anene kuti ndimamwa."

"Amake Joyce, akuimitsani mu mpingo. Yunifolomu akulandani."

"Mulungu akudziwa fungo la m'kamwa mwanga."

Bodi inakumana Lamulungu m'mawa m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. Abusa enieni anali ku mipingo ina, ndiye wapampando anali a Makwinja. Ndikufuna mudziwe kuti sanali munthu woipa. Anali wokonda choonadi, wosalola yankho lopunduka, monga ankachitira ndi ana a sukulu. Mboni zitatha ndinapempha kulankhula. Ndinati mayiyu samwa, akudwala mu ubongo. Ndinawakumbutsa za mayi wa m'Malemba amene wansembe anamuyesa woledzera pomwe iye ankatsanulira mtima wake kwa Yehova. Ndinafotokoza za waya ndi chikutiro chake, za kachilombo kogona mu impso za anthu ambiri, kamene kamayaka m'maselo ena a mu ubongo okha. Ndinkaona nkhope zikufewa, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi.

A Makwinja anavula magalasi. "A Mathewe, ndamva bwino. Mwati ambiri a ife tili nako kachilombo kameneka?"

"Ambiri, bambo."

"Mwina ine, mwina inu."

"N'kutheka."

"Nanga bwanji kadzuka mwa mayiyu yekha? Ife tonse tikuyenda mowongoka. Chakadzutsa n'chiyani?"

Linali funso loyenera, lomwe inenso ndinafunsa dokotala, ndipo yankho lake linali lomwe lija ndinalonjeza kusanena. Bodza sindikanatha kunena m'nyumba ya Mulungu. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Limenelo sindingayankhe."

"Simungayankhe chifukwa simukudziwa, kapena chifukwa simukufuna?"

"Sindingayankhe, bambo."

Dikoni wina anaseka pang'ono. "Mowa nawonso umadya ubongo, eti adokotala? Kapena ndi umene wakadzutsa." Ndinati ayi, koma ayi wopanda chifukwa salemera. Iwo anaona munthu woteteza mnzake ndi mawu a kusukulu. Anagamula zoti amake Joyce aimitsidwe, asagwire udindo uliwonse, asavale yunifolomu mpaka ataonetsa kulapa, ndipo mpingo unavomereza. Dzanja lokana linali langa lokha. Potuluka a Makwinja anandigwira paphewa nati, "Ukwati wa ana sitiuletsa, mwana salipira mlandu wa make. Koma inu mwandikhumudwitsa."

Ukwati unachitika tiyi atadulidwa, nyengo yozizira. Amake Joyce anawanyamulira pa njinga, nakhala pa benchi ya kumbuyo atafunda chitenje wamba, pamene amayi amene iwo anawaphunzitsa nyimbo ankaimba kutsogolo. Atatuluka akwati ndinapita kukawapatsa moni. Anandigwira ndi dzanja lamanzere, nayesa kunena kanthu. Milomo inagwedera, koma chinatuluka ndi mpweya ndi kaliwu kamodzi ka Chilomwe kamene sindinakamve. Chichewa chinali chitayamba kale kuwathawa, kutsala mawu a paubwana, ndipo posakhalitsa nawonso anapita. Mpaka lero sindidziwa ngati tsiku limenelo ankafuna kundimasula kapena ankangothokoza kuti mwana wakwatiwa.

Ma ARV ankamwa mokhulupirika. Chifuwa chinatha, zilonda za m'kamwa zinapola, koma mu ubongo tinali titachedwa. Pofika nthawi yotentha anali chigonere pa mphasa, osalankhula, kumeza movutika. Maso okha ndi amene ankanditsata ndikalowa. Ndinkadziwa kuti masiku atsala ochepa, ndipo ndinkadziwanso mwambo wathu: womwalira ali woimitsidwa saikidwa ndi mwambo wonse wa mpingo. Amayi sabwera mu yunifolomu, ndipo mlaliki amalankhula mozungulira ngati akudutsa pa minga. Mayi amene anaveka maliro a malayini onse akanapita ngati chidakwa.

Ndinagwada pambali pa mphasa. "Amake Joyce, ukwati unatha. Munati mudzandiuza. Ngati mukundilola kunena, finyani dzanja langa." Zala zinagwedera pang'ono. Ndinatembenuza funso: "Ngati mukukana, finyani." Zinagwederanso chimodzimodzi. Ndinayesa ndi zikope, osaphula kanthu. Analimo ndithu, monga ananenera dokotala, koma njira zonse zotulukira mawu awo zinali zitadyeka. Munthu yekhayo amene akanandimasula anali patsogolo panga, akundiyang'ana, ndipo sakanatha.

Sabata imeneyo ndinasala kudya. Ndinafufuza m'Malemba ndipo ndinapeza zonse ziwiri: kuti wolungama amasunga lumbiro lake ngakhale limupweteke, ndi kuti titsegule pakamwa pathu m'malo mwa wosalankhula. Sindinamve liwu lililonse kuchokera kumwamba londiuza kuti lalikulu ndi liti. Ndinaganizanso za benchi ya pa dispensale, ndi anthu ena amene anandiuza zinsinsi zawo poti ankadziwa kuti abusa sanena.

Anandithandiza ndi Joyce. Tsiku lina nditamaliza kutsuka zilonda za pamsana pa amayi ake, ananditsatira panja pomwe ndinkasamba m'manja.

"Abusa, mudzakhala chete mpaka liti?"

Ndinaika sopo pansi, iye n'kupitiriza.

"Amene ankachapa zofunda za bambo ndi ine. Mabotolo a mankhwala amayi ankabisa m'thumba la nyemba, ndipo amene amawamwetsa tsopano ndi ine. Ndinadziwa kalekale. Ndinangoona kuti akufuna ndisadziwe, ndiye ndinawasiya kuti akhale ndi kenakake koti andipatse." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Anasenza manyazi kuti ine ndikwatiwe. Ndakwatiwa. Tiyeni kwa apongozi. Ngati inu simunena, ndinena ine."

Ndinamuuza kuti iye ayenera kukhala ndi banja limenelo moyo wake wonse, ndipo ngati mawuwa ali oti atuluke, atuluke pakamwa panga. Lonjezo linali langa, ndipo woliphwanya anayenera kukhala ine.

Tinawapeza a Makwinja akupalira nthochi kuseri kwa nyumba. Anatipatsa mipando pansi pa mtengo wa peyala. Ndinati, "Bambo, funso lomwe munandifunsa m'bodi ndabwera kudzaliyankha." Ndinanena zonse: kuyezetsa, lonjezo, chitetezo chimene chinagwa, ndi kachilombo kena kaja kamene kanapeza mpata. Anamvetsera zonse khasu lili pakati pa mawondo. Funso lawo loyamba linali la kholo, osati la mkulu wa mpingo.

"Nanga mwana wanga?"

"Tinakayezetsa tonse awiri ukwati usanachitike, bambo," anayankha Joyce. "Ndine ndinamuumiriza. Tilibe."

Anagwedeza mutu, kenako nkhope yawo inagwa ngati akuchita manyazi ndi funso lawo lomwe. "Ndiye mayi uja anakhala kumbuyo pa ukwati wa mwana wake chifukwa cha nyumba yanga." Anatembenukira kwa ine. "Ndipo inu munakhala pamenepo ndikukunyozani."

"Ndinalonjeza, bambo."

"Lero lonjezolo lapita kuti?"

"Ndaliphwanya."

Sabata lotsatira anaimirira pamaso pa mpingo nati bodi inalakwa, ndipo woyamba kulakwa anali iwo. Kuti Mayi Mulewa sanamwepo mowa, akudwala, ndipo chilango chichotsedwe. Dzina la matenda sanalitchule, koma ku malayini anthu sasowa kuuzidwa kawiri. Manja onse anakwera. Masana ake amayi anatsika kaphiri mu yunifolomu kukaimba pakhomo pawo. Ambiri analowa n'kuwagwira dzanja. Ena anaima pakhonde osalowa. Ndipo zimene mayiyu ankaopa sizinalephere kubwera: kwa nthawi yaitali mayi Makwinja ankamupatsa Joyce mbale ndi kapu yakeyake, ndipo ku dispensale kunali anthu amene anasiya kubwera kwa ine, n'kumayenda ulendo wautali kupita kwina. Mmodzi wa iwo ndinamva mochedwa kuti wamwalira osayamba mankhwala.

Amayi aja atapita ndinatsala ndi wodwala wanga. Ndinaona kuti si bwino amve kwa ena. Ndinakhala pansi n'kunena kuti, "Amake Joyce, ndanena. Simunandilole, koma ndanena. A Makwinja akudziwa, Joyce ankadziwa kale. Dzina lanu labwerera mu mpingo. Ngati ndakulakwirani, mundikhululukire." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako mutu wawo unatembenukira kukhoma. Kaya anautembenuza okha, kaya khosi linangotopa, ine amene ndinaphunzira za mitsempha sindikudziwa.

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Anawaveka yunifolomu yawo, ndipo bokosi linanyamulidwa ndi akulu a mpingo kuchokera ku malayini mpaka kumanda, nyimbo osaleka.

2009

Ndinapuma ntchito m'chaka chimenechi n'kubwera kuno ku Bvumbwe. Pofika nthawiyo ma ARV tinkapereka pa dispensale pathu pomwe, anthu ankayamba msanga, ndipo matenda aja a mu ubongo sindinawaonenso kawirikawiri. Kalipentala anabwerera ku zitseko. Joyce ali ndi ana ake, ndipo apongozi ake aakazi atadwala, anawasamala ndi iye.

Anthu amene amaidziwa nkhaniyi amandiuza kuti ndinachita bwino. A Makwinja ananena zomwezo asanamwalire, Joyce amanena zomwezo. Koma sindinalonjeze kwa iwo. Ife timakhulupirira kuti akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu, ndiye sindingadzitonthoze kuti mayi uja akundiona kumwamba n'kumamwetulira. Akugona kumanda a pa esiteti, ndipo yankho lawo likugona nawo. Ndikudikira m'mawa uja lipenga likadzalira, pamene lilime la wosalankhula lidzamasuka. Ena adzathamangira makolo awo, ena ana awo. Ine, Ambuye akadzandilola kukhalapo, ndidzayamba ndafunafuna amake Joyce, ndidzaima patsogolo pawo, ndipo ndidzakhala chete mpaka iwo atalankhula.